Dzina la Tozer kwawo ndi ku Devon, ndipo linayambira pa ubweya wa nkhosa

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumene dzina la Tozer linachokera, komanso ngati Bishopu Tozer amene munamumva m'mbiri ya mpingo wa Anglican kuno kwathu ali pachibale ndi A. W. Tozer, mlaliki wa ku America uja amene mawu ake amazungulira m'magulu a WhatsApp m'mamawa. Ndaona ena ayankha kale kuti ndi dzina la Chijeremani chifukwa cha z ali pakatiyo. Ayi ndithu. Dzinali ndi la Chingerezi chenicheni, ndipo lili ndi kwawo kodziwika: dera la Devon, kumwera chakumadzulo kwa England, kumene kuli mizinda ya Exeter ndi Plymouth.

Kale Mngerezi wamba anali ndi dzina limodzi basi. Tsono mayina ake anali omweomwewo, John, William, Richard, Robert, moti m'mudzi umodzi a John ankachita kuunjikana. Alembi a msonkho ndi a mabwalo a eni minda anayamba kuwonjezera kenakake kosiyanitsa: mwana wa uje, wa kutsidya kwa mtsinje, wamfupi, kapena ntchito imene munthuyo ankagwira. Pakati pa zaka za m'ma 1250 ndi 1400 mayina owonjezerawa anayamba kukakamira pa banja, mwana n'kumatchedwa dzina la ntchito ya bambo wake ngakhale iye asanaigwirepo. Ambiri amapezeka m'kaundula wa msonkho wa pamutu wa mu 1377, 1379 ndi 1381. Msonkho wa 1381 uja ndi umene unautsa chipolowe cha alimi, ndipo mtsogoleri wawo Wat Tyler nayenso dzina lake ndi la ntchito, yofolera nyumba ndi matailosi.

Tozer ali m'gulu lomwelo la mayina a ntchito. Likuchokera ku mneni wakale wa Chingerezi, tosen, kutanthauza kumasula ndi kupesa ubweya. Kuti mumvetse, taganizani ubweya wongometedwa kumene pa nkhosa. Si woyera mbee ngati umene timauona pa juzi ya m'sitolo. Umakhala wamafuta, wonunkha, wogwirana mabulumabulu, muli zisoso, matope ndi ndowe zouma. Wopota ulusi sangayambe ndi zimenezo. Choyamba ubweyawo ankausankha, kuutsuka, kuuyanika, kenaka kuumenya ndi ndodo kuti fumbi lichoke. Ukatero munthu ankakhala pansi n'kumaukoka ndi zala pang'onopang'ono, kumasula mfundo iliyonse, kuchotsa kachitsotso kalikonse, asanaupake timafuta ndi kuupesa pakati pa timatabwa tiwiri tokhala ndi mano a waya, mpaka utafewa n'kugona mbali imodzi. Munthu wa ntchito imeneyo ndiye anali tozer. Akatswiri ena a mayina amalumikizanso dzinali ndi ntchito yodzutsa cheya pa nsalu yoomba kale, pogwiritsa ntchito mitu yaminga ya chomera chotchedwa teasel, chimene chinkalimidwa kwambiri ku Somerset, pafupi ndi Devon pomwepo. Kaya mutenge kumasulira koyamba kaya kwachiwiri, mukadali m'nyumba ya nsalu.

Ndipo nsalu ku Devon sizinali zamasewera. Kwa zaka mazana angapo matauni ngati Tiverton, Crediton, Cullompton, Ashburton ndi Totnes ankadya za ubweya. Nsalu zinkapita ku Exeter kukamalizidwa, n'kutsikira ku doko la Topsham, kenaka pa zombo kupita ku Holland, Spain, Portugal ndi mayiko ena. Ku Exeter mpaka lero kuli nyumba yotchedwa Tuckers Hall, imene inamangidwa mu 1471 ngati kachalichi ka bungwe la owomba nsalu ndi ozimaliza. Dzina la nyumbayi likutipatsa chitsanzo chimene ine chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani ya mayina a Angerezi. Panali ntchito yoponda nsalu m'madzi osakaniza ndi dothi lapadera, nthawi zina mkodzo wogonetsa, kuti nsaluyo iyere ndi kukhuthala. Ntchito imodzi, koma mayina atatu. Kumwera chakumadzulo, ku Devon ndi Somerset, munthuyo ankatchedwa Tucker. Kumwera chakum'mawa anali Fuller. Kumpoto anali Walker, poti ankachita kuyenda pansalupo ndi mapazi. Ndiye mukamva dzina lotere mumatha kuloza mbali ya dziko imene makolo a munthuyo ankakhala zaka 600 zapitazo. Tozer nayenso ndi wotero, ndi mnansi wa Tucker ndi Webber, wowomba nsalu wa kumadzulo komweko.

Nanga n'chifukwa chiyani a Walker ndi a Tucker ali mbwee pamene a Tozer ndi ochepa? Mmene ndikuonera ine, zifukwa ndi ziwiri. Mawu enieniwo anakhala dzina la banja m'kachigawo kakang'ono, pamene Walker anatenga kumpoto konse kwa England mpaka ku Scotland. Chachiwiri, kumasula ndi kupesa ubweya inali ntchito ya pakhomo, imene nthawi zambiri inkagwera amayi ndi ana, pamene dzina la banja kwa Angerezi limatsata bambo. Amuna amene ankadziwika ndi ntchito imeneyi mpaka kupatsidwa dzina analipo, koma osati ochuluka ngati osula zitsulo amene anatipatsa a Smith. Onjezani mliri waukulu wa mu 1348, umene unalowera pa doko la Melcombe Regis ku Dorset, dera logundana ndi Devon, n'kupulula mabanja athunthu pa nthawi yomwe mayina anali akungoyamba kukhazikika. Dzina loyamba ndi anthu ochepa likakumana ndi zotere silichulukanso msanga. Mneni uja nayenso anafa m'chilankhulo, moti lero Mngerezi wa pamsewu mutamufunsa tanthauzo la Tozer akhoza kungokuyang'anani.

Apa ndi pamene ife Amalawi timasokonezeka, ndipo funso lanu lachiwiri lagona pomwepa. Kwathu mfunda umanena za mtundu. A Phiri akakumana ndi a Phiri anzawo ku Johannesburg amayamba kutchulana achimwene asanafunsane n'komwe za kumudzi, ndipo pali chifukwa chake. Dzina la ntchito la Angerezi silitero. Wopesa ubweya wa ku Ashburton ndi wopesa ubweya wa ku Crediton ankatha kupatsidwa dzina limodzi chaka chimodzi, osadziwana, opanda dontho la magazi lofanana. Ana awo onse ndi a Tozer, koma ndi mabanja awiri. Chimene dzinali limakuuzani motsimikiza ndi dera, osati fuko.

Za kufalikira kwake, nkhani yake ikutsata madoko. Devon ili ndi nyanja mbali ziwiri, kumpoto ndi kumwera, ndipo anthu ake anali m'gulu la Angerezi oyambirira kuwoloka Atlantic, ena kukapha nsomba ku Newfoundland, ena kukakhala ku New England. M'zaka za m'ma 1600 dzinali linali litafika kale ku America. Richard Tozer anamanga pafupi ndi mtsinje wa Salmon Falls, m'dera la Berwick ku Maine, ndipo anaphedwa mu 1675 pa nkhondo ya pakati pa atsamunda ndi eni nthaka, imene imatchedwa King Philip's War. Ku Maine komweko kalembedwe kanapendekera ku Tozier, ndipo mpaka pano a Tozier mumawapeza kumeneko. Musadabwe ndi kusintha kwa zilembo. Nthawi imeneyo anthu ambiri sankatha kulemba, wansembe kapena mlembi ankangolemba zimene khutu lake lamva, ndiye m'mabuku akale mupeza Toser, Tozer, Towzer, Tozier, nthawi zina munthu wake mmodzi yemweyo.

Kusamuka kwakukulu kunabwera malonda a nsalu a ku Devon atagwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 nkhondo za ndi France zinatseka misika ya ku Ulaya, ndipo mafakitale a ku Yorkshire okhala ndi makina analanda msika. Ana a anthu a nsalu anayamba kusaka ntchito kwina: kokonza zombo za nkhondo ku Devonport pafupi ndi Plymouth, ku Bristol, ku migodi ya malasha kumwera kwa Wales, ku London. Njanji itafika ku Exeter mu 1844 ulendo wa ku London unasanduka wa tsiku limodzi. Komabe kalembera wa mu 1881, amene ofufuza mayina amakonda kugwiritsa ntchito pojambula mapu, akuonetsa a Tozer ataunjikanabe ku Devon kuposa kwina kulikonse. Ena anapita kutali kwambiri. Ku Australia kunali Sir Horace Tozer, wobadwira ku Port Macquarie mu 1844, loya wa m'tauni ya migodi ya golide ya Gympie, amene anakhala nduna m'boma la Queensland kenaka nthumwi yake ku London.

Tsopano bishopu wathu uja. William George Tozer anabadwa mu 1829 ku Teignmouth, doko la ku Devon, ndiye mukuona kuti iyeyu ndi wa pachitsa penipeni pa dzinali. Anali wansembe ku Burgh le Marsh, ku Lincolnshire, pamene anasankhidwa kulowa m'malo mwa Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA (Universities' Mission to Central Africa, bungwe la amishoni a Anglican), amene anatsegula mishoni ku Magomero mu 1861 n'kumwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Tozer anadzozedwa mu 1863 ndipo anafika chaka chomwecho, atapeza amishoni atachoka kale ku Magomero, atatsikira kwa Chibisa ku Chikwawa. Anapeza zinthu zitavuta. Chilala ndi njala zinali zitapha anthu ambirimbiri m'chigwa cha Shire, nkhondo za ogwira akapolo zili mkati, ndipo amishoni awiri, Scudamore ndi Dokotala Dickinson, anali atangoikidwa kumene m'manda. Iye anasamutsira mishoni ku phiri la Morambala, ku Mozambique, ndipo mu 1864 anaichotseratu n'kupita nayo ku Zanzibar. David Livingstone anakwiya kwambiri, anaona ngati bishopuyo wathawa ntchito. Ine ndimaona kuti pa nkhani yochoka m'chigwamo Tozer anali ndi mfundo, munthu sungamange mpingo pamene antchito ako akutha mmodzimmodzi. Pamene anandikhumudwitsa ndi pa amayi ndi atsikana omasulidwa ku ukapolo amene ankadalira mishoniyo. Iye sanafune kuwatenga, mpaka Horace Waller, mmodzi wa amishoniwo, anasemphana naye n'kunyamula ena mwa iwo kupita nawo ku Cape Town. Ku Zanzibar Tozer anayambitsa sukulu ya anyamata imene inakhazikika ku Kiungani, anatula pansi udindo mu 1873, Edward Steere n'kumulowa m'malo, ndipo pambuyo pake anakakhalako bishopu ku Jamaica. Anamwalira mu 1899. UMCA inadzabwerera kuno m'zaka za m'ma 1880, n'kukhazikika pa Likoma. Ndiye kuno kwathu dzina la Tozer linangodutsa, miyezi yowerengeka chabe. Lili m'mabuku a mbiri ya mpingo, osati m'midzi.

Aiden Wilson Tozer ndi wa dziko lina ndi m'badwo wina. Anabadwa mu 1897 m'banja la alimi ku Pennsylvania, bishopu uja atatsala zaka ziwiri kuti amwalire. Ali mnyamata banja linasamukira ku Akron, Ohio, kumene anagwira ntchito kufakitale ya matayala, ndipo anatembenuka mtima atamva mlaliki wa mumsewu. Sanapite ku koleji ya zaubusa. Anatumikira mu mpingo wa Christian and Missionary Alliance, zaka zoposa 30 ku Chicago kuyambira 1928, n'kukamalizira ku Toronto kumene anamwalira mu 1963. Winayu Mngerezi wophunzira ku yunivesite ya Oxford, wa mikanjo ndi mapemphero a m'buku, winayu mwana wa pamunda wa ku America wodziphunzitsa yekha. Chowalumikiza ndi chakuti mukatsata dzina la aliyense kubwerera m'mbuyo, njira ikulozera kumwera chakumadzulo kwa England. Kuti muwatche abale pafunika mzere wa mabuku a ubatizo ndi maukwati wofika pa kholo limodzi. Dzina palokha silikwana.

Ngati mukufuna kulondola nokha, kapena muli ndi mnzanu wa ku UK wa dzinali amene akufuna kudziwa kwawo, poyambira palipo. Matchalitchi a ku England analamulidwa kusunga mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro kuyambira 1538, pa lamulo la Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, ndipo ambiri a ku Devon amasungidwa ku Devon Heritage Centre mu Exeter. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, ndipo mndandanda wake mungaufufuze ulere pa intaneti pa FreeBMD. FamilySearch nayo ndi yaulere, imangofuna kuti mulembetse. Kalembera wokhala ndi mayina a anthu onse amayambira 1841, koma wothandiza kwambiri ndi wa 1851, chifukwa ndi umene unayamba kulemba parishi imene munthu anabadwira. Munthu akhoza kukhala ku London kapena ku Cardiff, koma pamzere wa kobadwira mupeza Ashburton kapena Teignmouth.

Malangizo anga ndi akuti muziyamba ndi munthu wa posachedwa n'kumabwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osayamba ndi munthu wotchuka n'kumamukokera ku banja lanu. Posaka muziyesa zilembo zonse zija, s ndi z, komanso Tozier. Ndipo mitengo ya mabanja imene anthu amaika pa intaneti muziitenga mosamala, chifukwa ambiri amangokopera ya anzawo. A John Tozer obatizidwa ku Devon m'zaka zoyandikana ndi angapo, ndiye musanavomereze kuti uyu ndi mwana wa uyu, muone kaye ngati dzina la mayi, parishi ndi ntchito ya bambo zikugwirizana m'buku la tchalitchi lenilenilo.