Mapuleti a kilatchi musagule kaye, yambani mwayesa izi

Achimwene, mwati njinga yanu yamoto ya m'ma 1980 imalimba magiya ikatentha, neutral sapezeka mukaima, ndipo mukaponda giya yoyamba imalira "kha!" n'kudumphira kutsogolo. Mwafunsa ngati kuli bwino mugule mapuleti atsopano ndi masipuling'i olimba. Ine ndikuti ndalamayo isungeni kaye. Zimene mwafotokozazi si za kilatchi yotha, ndi za kilatchi yokakamira, ndipo matenda awiriwa mankhwala ake ngosiyana.

Yotha imaterera. Muli pa giya yapamwamba, mukukwera chitunda, mwapatsa moto, injini ikulira kwambiri koma liwiro lili pomwepo. Yokakamira ndiye mwafinya handulo ya kilatchi mpaka yagunda chiwongolero koma mapuleti sanalekane bwino, injini ikukokabe magiya. N'chifukwa chake giya yoyamba imalowa mwaukali chonchija. Kuti mutsimikize, zimitsani injini, muzikankha njinga pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo uku mukufufuza neutral. Akapezeka mosavuta injini ili yozima, koma n'kumasowa ikamalira, dziwani kuti gearbox ilibe mlandu waukulu.

Yambani ndi kebulo, pajatu ndi pomwe pamabisala vuto nthawi zambiri. Njinga zambiri zimafuna kuti kunsonga kwa handulo kuziyenda mamilimita 10 mpaka 20 kebulo isanayambe kukoka. Mpata ukachuluka, kilatchi simasuka yonse. Ukasowa, imayamba kuterera. Kebulo yakale imathanso kuduka timawaya m'kati, ndiye imangotamuka m'malo mokoka. Imasuleni mbali zonse ziwiri, muikoke ndi dzanja mumve ngati ikukhula. Onaninso bowo la handulo pomwe pamalowa bauti: likakula, mphamvu ya dzanja lanu imathera pomwepo. Njinga zina zili ndi sikuluwu yochunira pa injini penipeni; ngati yanu ili nayo, chunani imeneyo musanakhudze ya kuhandulo.

Kenako oyilo. Pa njinga zambiri za nthawi imeneyo mapuleti amasamba mu oyilo yemweyo wa injini. Akakalamba, akachuluka kupitirira mzere, kapena akakhala wolemera kuposa amene buku la njingayo linanena, mapuleti amamatirirana. Gulani wolembedwa JASO MA kapena MA2. Buku lanu silitchula zimenezi chifukwa muyezowu unabwera mu 1998, njingayo itapangidwa kale. Wa galimoto wolembedwa Energy Conserving mupewe, ali ndi mankhwala ochepetsa kukhulana omwe amatereretsa kilatchi. Muli pomwepo onani tcheni ngati sichinalendewere, injini ngati sikuthamanga kwambiri njinga itangoima, ndi chopondera magiya ngati bauti yake sinamasuke.

Zonsezi zikakhala bwino, apo ndiye tsegulani chivundikiro cha kilatchi. Mapuleti, omwe ali a mitundu iwiri, okhula ndi achitsulo osalala, muwatulutse limodzilimodzi n'kuwasanja momwe analiri, ndipo jambulani ndi foni, mudzandithokoza pobwezera. Maso anu ayambe apita pa basiketi, chitsulo chonga dengu chomwe mapuleti amakhalamo. Makutu a mapuleti akamenya zala za basiketi kwa zaka zambiri amakumbamo timizere ngati mano a sowo, ndipo mapuleti amakodwa m'timizeremo osatha kutalikirana. Timizere tosazama mukhoza kutisalaza ndi tupa, mopepuka komanso mofanana pa zala zonse. Mukatupa kwambiri mpata umakula, mapuleti amamenya mwamphamvu kuposa kale, timizere n'kubwerera msanga. Tozama ndiye palibe kuchitira mwina, basiketi ina basi.

Mapuleti achitsulo anthu amawanyalanyaza, chonsecho ndi amene amayambitsa kukakamira akapindika ndi kutentha. Goneketsani limodzi pa galasi losalala, mulowetse feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata) pansi pake mozungulira. Malire ake amakhala aang'ono kwambiri, nthawi zambiri pakati pa 0.1 ndi 0.2 mm, koma nambala yeniyeni ili m'buku la njinga yanu. Lomwe lasanduka labuluu linapsa, musalikhulupirire. Mapuleti okhula aja ayezeni kuchindikala kwake ndi vernier caliper, masipuling'i muyeze kutalika kwake, muyerekeze ndi buku. Mwina mupeza kuti okhulawo akadali bwino, chofunika ndi achitsulo okha.

Pogula, gwiritsani ntchito nambala ya injini, osati dzina la njinga lokha. Njinga za dzina limodzi zimasiyana kuchuluka kwa mapuleti malinga ndi chaka, ndipo njinga yakale mwina wina anaisinthapo kale injini. Tengani puleti lakale mukaliyike pamwamba pa latsopano, muwerenge makutu. Kwa njinga yoyendera tsiku ndi tsiku, a cork ofanana ndi omwe inabwera nawo ndi okwanira, amagwira mofewa ndipo sadya mapuleti achitsulo. A Kevlar amapirira kutentha, koma injini yosasinthidwa chilichonse siwafunikira. Masipuling'i olimbawo ndikukuletsani: ntchito yawo ndi kuthetsa kuterera, vuto lomwe inu mulibe. Adzangokutopetsani dzanja, kutamula kebulo, mwinanso kuwonjezera kukakamira komweko. Ngati anu afupika, gulani wamba, onse pamodzi, komanso gasiketi yatsopano.

Mapuleti okhula atsopano aviikeni mu oyilo amene muthire mu injiniyo kwa maola angapo, usiku wonse ndi bwino koposa. Achitsulo ali ndi mbali yakuthwa ndi yobulungira. Onse ayang'ane kumodzi. Mabauti a masipuling'i mangani mopingasa, pang'onopang'ono. Ndi aang'ono ndipo amalowa mu aluminiyamu, mukawakakamiza amaduka.

Chimodzi chomwe simunanene: kodi giya imatuluka yokha mukapatsa moto, makamaka yachiwiri? Ngati imatero, kilatchi yatsopano sithandiza. Pamenepo ndiye kuti mano olumikizira magiya adyeka kapena foloko yosunthira giya yapindika, ndipo injini iyenera kugawidwa pakati, ntchito ya makaniko wodziwa. Koma chopondera chikamangokhala pansi osabwerera, kawirikawiri ndi kasipuling'i kake kathyoka, ndipo pa injini zambiri kamakhala kuseri kwa basiketi komweko, mukhoza kukaona mutatsegula kale.