Kachilombo ka malungo kamaboola mimba ya udzudzu, nanga bwanji sumafa?

FUNSO: Ankolo, ine ndili Fomu 4 kuno ku Senga Bay, Salima. Aphunzitsi a Bayoloje anatiuza kuti kachilombo ka malungo kamaboola mimba ya udzudzu nkutulukira kuseri, ndiye ine sizikundilowa m'mutu, bwanji magazi amene wayamwawo samatayikira m'thupi mwake udzudzuwo nkufa?

YANKHO: Mwana wanga wafunsa zanzeru ndithu. Mimba ya udzudzu wa Anopheles ili ndi maselo ondandalika mzere umodzi basi, osati osanjikizana, ndiye kudabwa kwakoko nkomveka. Koma selo si kathumba ka madzi chabe ayi, mkati mwake muli tizingwe tolukana ngati ukonde wa chilimira, asayansi amati cytoskeleton, ndipo tina mwa tizingweto ndi ta puloteni yotchedwa actin. Pakhungu la selo pali mapuloteni ena, mutu kunja mchira mkati. Cadherin imagwirana ndi inzake ya selo loyandikana nalo, integrin imagwira kansalu kopyapyala komwe maselowo akhalapo, mchira wake nkumangidwa ku actin kudzera pa ina yotchedwa talin. Ukakoka kunja ndiye kuti wakoka ukonde wamkatiwo.

Izi anaziona bwino pa tintchentche ta Drosophila, tija timazungulira nthochi zakupsa tija, integrin ikasowa m'phiko mbali yapamwamba ndi yapansi sizimatana, phikolo limatuluka thuza.

Tsopano kachilombo kako kaja. Pakatha pafupifupi tsiku limodzi udzudzu utayamwa magazi kamalowa mu selo, nthawi zina kudutsa angapo, ndipo selo lolowedwalo limafadi. Apa ndi pamene ine pamandigometsa kwambiri. Actin imasonkhana mozungulira nkumafinya, mmene amayi ako amakokera chingwe pakamwa pa thumba la usipa muja, selo lakufalo nkukankhidwira mkati mwa mimba momwe muli magazi, uku anzake a m'mbali akudzitambasula pansi pake kutseka mpatawo lisanachoke nkomwe, ndiye bowo loti magazi adutsepo silipezeka.

Chondiwawa nchakuti pamenepo kachilomboko kadutsa kale. Kamakakhazikika kuseri kwa mimba nkuyamba kuswana, pakatha masiku 10 mpaka 14 ana ake afika m'malovu a udzudzu uja, ukakuluma ndi pamene umakupatsira malungo, ndipo kukatentha ngati kwanu kunyanjako zimafulumirako.