Mafunso Anu: Kadontho Kakuda Kosachoka pa Mapepala a Pulinta ya Leza

FUNSO: Ndili ndi kashopu kosindikiza makalata ndi mayeso a ana asukulu pa Kasungu boma, ndipo pofuna kupulumutsako ndalama ndimadzazitsa katiriji (kabokosi ka ufa wosindikizira) ya pulinta yanga ya leza m'malo mogula yatsopano. Chidzazitsire kachitatu, pepala lililonse likutuluka ndi kadontho kakuda kobwerezabwereza kutsika nako mpaka m'munsi, ndipo malo oyenera kuyera akuoneka otuwa ngati pawazidwa phulusa. Mnyamata amene amandidzazira akuti pulintayo yatha ntchito. Kodi ndigule ina?
Mwini shopu, Kasungu

YANKHO: Musathamangire kugula, bambo, chifukwa zizindikiro ziwiri mwatchulazi kawirikawiri gwero lake limakhala m'katiriji, osati m'pulinta. Bwerekani katiriji ya mtundu womwewo kwa mnzanu musindikizire pepala limodzi. Likatuluka loyera, dziwani kuti pulinta ilibe mlandu.

M'kati mwa katiriji muli diramu, kachitsulo kobulungira kopakidwa mankhwala omva kuwala, amene nthawi zambiri amaoneka obiriwira kapena abuluu. Karola ka mphira kogundana nayo kamaipatsa mphamvu ya magetsi, kuwala kwa leza kumalemba chithunzi pochotsa mphamvuyo m'malo oyenera kuda, ndipo tona, ufa wosalala wa pulasitiki, imakakamira m'malo amenewo isanasamukire papepala ndi kusungunulidwa ndi chiwiya chotchedwa fuser pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200. Ufa wotsalira pa diramu umapalidwa ndi kampeni ka mphira n'kugwera m'chipinda cha zinyalala. Kuyambira pa pulinta yoyamba ya LaserJet ya kampani ya HP ya 1984, imene inali ndi makina a Canon, makampani awiriwa, pa mapulinta awo ambiri, amaika ufa, diramu ndi kampeni m'katiriji imodzi ndi cholinga chakuti ufa ukatha, diramu ndi kampeniko zisinthidwire limodzi. Katiriji ya HP ya nambala 85A, mwachitsanzo, inayesedwa kuti isindikize masamba pafupifupi 1,600. Amene wadzazitsa katatu ndiye kuti akuyendetsa diramu imodzimodziyo ulendo wachinayi, ndipo palibe chodabwitsa ikayamba kuonetsa zipsera.

Tsopano tengani lula ya mwana wasukulu muyeze kuchokera pa kadontho kena kufika pa kotsatira. Popeza chilichonse m'menemo chimazungulira, chipsera chimadinda pepala kamodzi pa kuzungulira kulikonse, choncho mpata wa pakati pa madontho umaulula chiwiya cholakwa. Diramu ya m'makatiriji ang'onoang'ono ambiri ndi yonenepa mamilimita 24, ndipo chipsera chake chimabwereza pa mamilimita pafupifupi 75. Karola ka magetsi, kakakhala konenepa mamilimita 12, kamabwereza pa mamilimita pafupifupi 38. Mukapeza 75, tsegulani chivindikiro cha diramu m'chipinda chopanda kuwala kwambiri, muizungulize pang'onopang'ono pogwira m'mbali mokhala magiya, mufunefune. Mukaona kakanthu komata, monga guluu wa pa envulopu, kapukuteni mosamala ndi kansalu kouma kosasiya ulusi, koma mukaona kabowo kapena mkwasa wofika pa chitsulo, diramuyo yafa ndipo iyenera kusinthidwa. Ndinaonapo diramu yokhala ndi chidindo cha chala chathunthu, mizere yake yonse ikuoneka, ndipo chalacho chinkatuluka pa tsamba lililonse ngati cha munthu wosainira ngongole.

Kutuwa kwa pepala ndi nkhani ya kadzazidwe, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti mnyamata wanuyo akufupikitsa ntchito. Odzaza ambiri amangotsegula, kuthira ufa watsopano pamwamba pa wakale, kutseka ndi kulandira ndalama. Ufa wakale umakhala utasakanikirana ndi fumbi la mapepala ndipo sugwiranso bwino mphamvu ya magetsi, kotero ukakumana ndi watsopano umamwazikira paliponse pa diramu. Komanso tona si imodzi ngakhale yonse ndi yakuda: ya m'makatiriji monga 12A ndi 85A ili ndi tizitsulo tokokedwa ndi maginito, pamene ya mapulinta a Brother ilibe ndipo imagwira mphamvu ya magetsi yosiyana nayo. Botolo limodzi lothira m'katiriji iliyonse yobwera pa shopu ndilo limabala phulusa mukunenalo. Ulendo wotsatira mukaimirire pomwepo ndi kuonetsetsa kuti ufa wakale wakhuthulidwa wonse, chipinda cha zinyalala chatayidwa, karola ka magetsi kapukutidwa, ndipo botolo la ufa lalembedwa nambala ya katiriji yanu. Ngati diramu ikusinthidwa, kampeni kopala kasinthidwenso, chifukwa kakale kakabenthuka kamasiya mzere wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Zotsalazo zili m'manja mwanu. Diramu siifuna dzuwa ngakhale kwa mphindi zochepa, choncho katiriji ikatuluka m'pulinta ilowe m'thumba lake lakuda kapena ifunditsidwe nsalu, ndipo isungidwe chogona, osati choimika, kutali ndi windo. M'miyezi ya fumbi, makamaka shopu ikakhala m'mphepete mwa msewu, pulinta izivindikiridwa mukaweruka itazizira. M'dzinja vuto limasanduka chinyezi, chimene chimaumbitsa ufa timibulu ndi kunyowetsa mapepala, motero mtokoma wa mapepala uzitsegulidwa pokhapokha wafunika. Kusindikiza kuseri kwa mapepala akale ndi kusunga ndalama ndithu, koma kawaya kamodzi komangira mapepala koiwalika pakona kakhoza kukala diramu yatsopano tsiku lomwelo.

FUNSO: Ku ofesi kwathu pepala likutuluka ndi mzere woyera wotsika pakati pa zilembo, ndipo nditagwedeza katiriji ufa unanditayikira pa bulauzi ndi m'kati mwa pulinta. Ndiyeretse bwanji?
Mlembi, Zomba

YANKHO: Mzere woyera, mayi, umatanthauza kuti pamalopo ufa sukufika. Ngati unazimiririka mutagwedeza, ndiye kuti ufa watsala pang'ono, ndipo kagwedezedwe koyenera ndi kupendeketsa katiriji uku ndi uku mofatsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, osati kuikhutchumula ngati botolo la mankhwala. Ngati mzerewo sukusuntha, mwina kanthu katsekereza pa kampeni kena ka m'katiriji koyeza ufa wopita pa diramu, kapena fumbi lakhala pa kagalasi kotulukira leza.

Bulauziyo muikung'unthe kaye ili youma, kenaka muichape ndi madzi ozizira okha, chifukwa madzi otentha ndi simbi zimachita ntchito ya fuser, kusungunula ufawo n'kuumatiza ku nsalu. M'kati mwa pulinta mupukute ndi nsalu youma mutaizimitsa, kuizula kumagetsi ndi kuidikira kuti izizire, ndipo rola yakuda ya siponji yokhala pansi pa katiriji musaikhudze ndi zala. Musapemerere ndi pakamwa kapena kugwiritsa ntchito makina wamba okokera fumbi a m'nyumba, pakuti ufawu ndi wosalala kwambiri moti umadutsa m'sefa yake n'kubwerera mumpweya umene inu ndi anzanu mukupuma.