Gatsby wogula ku Johannesburg ndi weniweni kapena angotidyera ndalama?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina yemwe anagwira ntchito ku Cape Town zaka zingapo, pano anasamukira ku Johannesburg. Akuti Loweruka lina atalandira malipiro anagula Gatsby, sangweji yaikulu yotchuka ku Cape Town, pa shopu ina ya mu mall, koma chomwe anamupatsa chinali kabanzi kokwana munthu mmodzi, mkati muli nyama pang'ono ndi letesi, chipisi chowonda chouma gwa achiika pambali mu kabokosi kake. Ndiye akufunsa kuti kodi Gatsby akachoka kwawo ku Cape Town amakhalabe Gatsby, kapena angosiya kutaya ndalama.

Achimwene, chomwe munagulacho si Gatsby ayi, pamenepo ndiye sindikayika. Koma vuto lake si loti munagulira ku Johannesburg.

Tiyambe ndi komwe chinthuchi chinachokera, kuti enanu amene simunafikeko ku Cape Town mumvetse. Gatsby anabadwira ku Athlone, dera la ku Cape Flats mu mzinda wa Cape Town, mu 1976. Bambo wina dzina lake Rashaad Pandy, mwini wake wa shopu ya nsomba ndi chipisi yotchedwa Super Fisheries, anali ndi anthu omwe ankamuthandiza kukonza shopuyo, njala itawapweteka iye anangotenga zomwe zinalipo, buledi wozungulira wa Chipwitikizi, chipisi, poloni ndi achali, n'kuunjika zonse mkati mwa buledi uja kenako n'kudula zidutswa kuti aliyense apezeko yake. Basi. Chinali chakudya cha anthu otopa ndi ntchito, m'dera lomwe boma la tsankho linkathamangitsirako anthu omwe sanali azungu, ena mwa iwo ochokera ku District Six, dera la pakatikati pa Cape Town, komwe mu 1966 analengeza kuti ndi kwa azungu okhaokha.

Mwaona pamenepo? Gatsby woyamba uja buledi wake anali wozungulira, pomwe amene inu mumamudziwa ndi wa buledi wautali ngati mkono uja. Masala steak, nkhuku, calamari (nyama ya m'nyanja), soseji za vienna, mazira, zonsezi zinabwera pambuyo ndipo anthu a ku Cape Town omwewo ndi amene anazionjezera popanda wina kuwauza kuti mwaononga. Ndiye munthu akamati Gatsby weniweni ndi yekhayo wopangidwa ndendende ngati woyamba, ndiye kuti ngakhale ku Athlone komweko ambiri akudya wabodza, zomwe sizomveka.

Kwa ine pali zinthu zomwe zikachoka dzinalo nalo lichoke. Chipisi chimakhala mkati mwa buledi, osati pambali, ndipo chimakhala chofewa chija amati slap chips, chonenepa, chothira viniga ndi mchere chikadali chotentha, kuti akakulunga mu pepala nthunzi ija ifewetse buledi, msuzi wa masala ulowerere paliponse mpaka manja onse ade. Kunena zoona chipisi cha pa chiwaya cha kwathu chija chili pafupi kwambiri ndi slap chips kuposa timitengo touma ta m'malo odyera apamwamba, ndipo ndimakhulupirira kuti mnyamata wa pa chiwaya ku Ndirande mutamupatsa buledi woyenera akhoza kupanga Gatsby wabwino kuposa wa mu mall wanu uja.

Chachiwiri ndi kukula kwake, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Gatsby amadulidwa panayi chifukwa ndi wodya anthu angapo. Anthu amasonkherana ndalama, wina khumi wina makumi awiri, kugula mmodzi ndi botolo lalikulu la zakumwa, n'kukhala pa bonet ya galimoto kapena m'mbali mwa msewu kudyera limodzi ngati mmene timachitira ndi mbale imodzi ya nsima kumunda. Inuyo mu imelo yanu munatchula anzanu omwe munkadya nawo Lachisanu mukaweruka, mwina osazindikira kuti theka la kukoma komwe mukukusowako ndi iwowo. Akamuchepetsa kuti akwane munthu mmodzi wokhala yekha patebulo ndi foloko, chomwe chatsala ndi sangweji wamba, akhoza kukoma ndithu koma amupatse dzina lina.

China chomwe ogulitsa akutali amaiwala, mashopu ambiri a Gatsby ku Cape Flats ndi a Asilamu, nyama ndi poloni zake zimakhala halaal. Abale athu achi Yao ambiri omwe ali ku Joni amagula modalira zimenezo, ndiye kwina kulikonse ndi bwino kufunsa kaye musanalume.

Komanso musaiwale kuti komwe muliko kuli chakudya chakechake, kota, chidutswa chimodzi cha lofu ya buledi yodulidwa panayi, chobooledwa pakati n'kuikamo chipisi, poloni, achali, soseji ya Russian ndi tchizi. Munthu wa ku Soweto atamupatsa kota wodyera ndi mpeni ku Cape Town nayenso angadandaule ngati inuyo.

Ndiye musasiye kusaka achimwene, kungoti siyani za mu mall. Funsani anzanu a kuntchito ochokera ku Cape Town komwe iwo amagula, amadziwana okhaokha. Mukafika pa shopupo musanalipire onani ngati chipisi akuchiika mkati, mufunse kuti Gatsby wathunthu, amene amati full, amadula pangati, akakuuzani kuti panayi imbirani anzanu atatu abwere.