Za parishi ya Mua ndi mtsinje wa Nadzipokwe

Achimwene, mwafunsa kuti parishi ya Mua ili pati ndipo inayamba liti. Ili m'boma la Dedza, koma osati kumtunda kozizira kuja ayi. Ili kunsi kwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, komwe dzuwa la Okutobala silichita masewera. Anaiyambitsa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mtsinjewu umatsika m'mapiri mwaliwiro, kusefukira pamiyala, kenako n'kufatsa m'chigwa cholowera kunyanja. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anatsegulapo Kungoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe. Ine chimene chimandikoka n'zigoba za Gule Wamkulu za m'nyumba ya Chamare, yosungiramo zinthu zachikhalidwe pa Kungoni pomwepo. Ukangolowamo, zonse zimakuyang'anitsitsa ngati zamoyo.