Zipinda zogona zisakhale kumadzulo

Achimwene, pa nyumba yanu ya zipinda zitatu yomwe mukufuna kumanga ku Ngabuyo, yambani mwaona kaye kumene dzuwa limadzera. Makoma aataliwo ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Kumadzulo ikaniko bafa ndi sitolo, zipinda zogona zikhale chakum'mawa.

Kuchigwa kuno mukukudziwa nokha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo khoma lomwe lapsa ndi dzuwa lamadzulo limatulutsabe moto mpaka pakati pa usiku. Kwa mlamu wanga chipinda cha ana chili kumadzulo. Nyengo imeneyo ana amachithawa n'kukayala mkeka pakhonde, udzudzu n'kumachita nawo phwando.

Mawindo ayang'anizane kuti mwera uzidutsa m'nyumba. Kolido yaitali pakati ine sindigwirizana nayo, imangodya malo n'kutsekereza mphepo. Kuli bwino njerwa zimenezo mukulitsire khonde, poti alendo athu amakhala pomwepo osati pabalaza. Khitchini ya nkhuni kapena makala iime payokha kuseri.

Koma pamaziko pokhapo musadalire mmisiri yekha. Dothi la makande limafufuma mvula ikagwa, chilimwe n'kung'ambika, ndipo makoma amang'aluka nalo limodzi. Funsaninso akuluakulu a pamalopo kuti madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 analekezera pati, mukweze maziko kuposa pamenepo. Pulaniyo mupite nayo kwa injiniya kapena ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya Chikwawa, akaione musanakumbe.