Mmene mzere wakutali umasunthira muyezo wa helium

Aphunzitsi, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti mzere wa kuwala (liwiro la kugwedezeka kwa kuwala limene atomu imayamwa kapena kutulutsa) umene uli kutali kwambiri pa liwirolo usokoneze muyezo wa mzere unzake mu atomu ya helium, ndipo ndikuona kuti ophunzira anu a ku Bangula amene anayambitsa funsoli analingalira mozama.

Atomu ya helium imene ili pa mlingo wa mphamvu wotchedwa 2³S ikawombedwa ndi laser (kuwala kwa mtundu umodzi wokha) ya mafunde otalika 1083 nm (nm ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita) imakwera pa umodzi mwa milingo itatu yoyandikana, 2³P0, 2³P1 ndi 2³P2. Pakati pa P1 ndi P2 pali mpata wa 2.29 GHz, pamene mzere uliwonse ndi wotambalala 1.6 MHz yokha (Hz ndi kugwedezeka kamodzi pa sekondi; kHz ndi ma Hz 1,000, MHz ndi ma kHz 1,000, ndipo GHz ndi ma MHz 1,000), kutanthauza kuti mpatawo umaposa kutambalalako pafupifupi ka 1,400.

Taganizirani Shire mmene amagawikira m'timitsinje mu Elephant Marsh n'kudzakumananso cha ku Chiromo. Atomu nayo imachoka pa 2³S n'kubwereranso itatulutsa kuwala, ndipo ingadzere pa P1 kapena pa P2. Fanizoli lili ndi malire, pakuti madzi amagawikadi pamene atomu siigawika. Chimene chimachitika n'chakuti ngati palibe chosonyeza njira imene yadzera, timayamba taphatikiza mafunde a njira ziwirizo, kenako zimene tapezazo timazichulukitsa ndi izo zomwe. Apa pamatuluka gawo limene funde laling'ono la mlingo wakutali lachulukitsidwa ndi funde lalikulu la mlingo umene laser yalunjikapo, ndipo gawoli limakweza mbali imodzi ya mzere n'kutsitsa inayo, motero pakati pa mzere pamaoneka ngati pasuntha ndi ma kHz angapo.

Kusunthaku n'kochepa, koma ine sindikupeputsa konse. Mu 1964 wasayansi Charles Schwartz anasonyeza kuti mipata imeneyi ingatithandize kupeza alpha, nambala ya pafupifupi 1/137 imene imanena kukula kwa mphamvu yokokana pakati pa elekitironi ndi phata la atomu, ndipo ntchito yotere imafuna muyezo wosaphonya ngakhale ndi kHz imodzi. Horbatsch ndi Hessels a ku York University ku Toronto analongosola vuto la kusunthali mu 2010, ndipo mu 2018 gulu la Hessels linayeza mpata wa P1 ndi P2 ndi ma microwave mpaka chikayiko chinangotsala 25 Hz.

Pa miyezo yowerenga kuwala kotuluka mu atomu, kukula kwa kusunthaku kumadaliranso mbali imene chipangizo chowerengera chaikidwa, choncho ma labu awiri osamala mofanana angathe kupeza mayankho osiyana pa atomu imodzimodziyo.